Ndemanga: maphunziro a pa intaneti okonzekera mayeso a ParaPro, makamaka gawo la kuwerenga

Ndapereka nyenyezi 4 mwa 5, nditawagwiritsa ntchito miyezi iwiri.

Ndinaphunzitsa pulayimale kwathu ku Dedza zaka zingapo ndisanabwere kuno ku Indiana, ku America. Nditafika, mapepala anga a uphunzitsi sanandilowetse m'kalasi, ndiye monga ambiri a ife ndinayamba ntchito yosamalira okalamba. Mtima unali kusukulu basi, mpaka ndinaganiza zofunsira ntchito yothandizira mphunzitsi, amene kuno amangomuti para. Chiyambire lamulo la No Child Left Behind lomwe linasainidwa mu 2002, wogwira ntchitoyi m'sukulu zolandira ndalama za Title I (thandizo la boma ku sukulu zomwe zili ndi ana ambiri ochokera m'mabanja osauka) amayenera kukhala ndi zaka ziwiri za ku koleji, kapena digiri ya associate, apo ayi akhoze mayeso. Ine ndinasankha mayeso. Mayesowo ndi ParaPro, okonzedwa ndi bungwe la ETS, ndipo pamene ndinkalemba anali otere: mafunso 90 osankha yankho, maola awiri ndi theka, 30 a kuwerenga, 30 a kulemba, 30 a masamu, ndipo makina owerengetsera sankaloledwa.

Kunena mosabisa, ndinalipira maphunzirowa chifukwa choopa masamu. Ma inch, ma foot ndi ma pint anandisokoneza, poti ife tinakula ndi mamita ndi malita. Za kuwerenga ndinadzithemba. Munthu woti ndinakhoza Chingerezi pa MSCE, ndinaphunzitsa ana comprehension, chingandivute n'chiyani? Mayeso oyeserera oyamba anandichititsa manyazi. Masamu ndinachita bwinoko, koma mafunso ofunsa mfundo yaikulu ya ndime ndinalakwa pafupifupi theka. Ndinatseka kompyuta n'kukaphika nsima, osauza aliyense.

Apa ndi pamene ndalama yanga inagwira ntchito. Yankho lililonse, lolondola ndi lolakwika lomwe, lili ndi kufotokoza kwake pansi. Sangokuuza kuti walakwa, amakuonetsa mtundu wa msampha umene wakukola. Ndime imene sindidzaiwala inali yonena za Erie Canal, ngalande ya maboti yomwe inatsegulidwa mu 1825, yolumikiza mtsinje wa Hudson ku Albany ndi nyanja ya Erie ku Buffalo. Funso linali lakuti mfundo yaikulu ya ndimeyi ndi iti. Yankho lina linkati ngalandeyo inali yaitali mamailosi 363. N'zoona, ndipo zinalembedwa m'ndimemo, koma ndi kanthambi chabe. Lina linkati mayendedwe abwino amatukula mayiko. Limeneli ndi lalikulu mopitirira, ngati chitenje chofundira mudzi wonse, pomwe ndime ikunena za ngalande imodzi. Lachitatu linkati anthu akalimbikira amakwanitsa zimene ena amati n'zosatheka. Lomaliza linkati ngalandeyo inatsitsa mtengo wonyamulira katundu ndipo inathandiza mzinda wa New York kukula ngati doko la malonda.

Ine ndinathamangira lachitatu lija, ndipo ndinalakwa. Nditabwerera m'mafunso onse amene ndinaphonya ndinaona kuti nthenda yanga ndi imodzimodzi: yankho likangomveka ngati mwambi, dzanja limapita lokha. Si zodabwitsa. Agogo akamaliza nthano ya Kalulu ankafunsa kuti tikuphunzirapo chiyani, nanenso ndinkafunsa ana anga a Sitandade 5 funso lomwelo nkhani ikatha. Khutu langa linazolowera kufuna phunziro. Koma funso la mayesowa silifuna phunziro, likufuna chimene wolemba wanena pa mutu wakewo, chimene ziganizo zonse za m'ndimemo zikuchinyamula. Ngati wolembayo sanalangize munthu, iwenso usamuikire malangizo m'kamwa.

Msampha wina ndi wa kwathu komweko. Ambiri tinazolowera kufufuza m'ndime mawu ofanana ndi a m'funso n'kukopera chiganizo chonse. Pano yankho limene labwereza mawu a m'ndime ndendende nthawi zambiri limakhala kanthambi kaja, pomwe lolondola limanena mfundoyo m'mawu ena. Njira imene amaphunzitsa ndi yosavuta: usanayang'ane mayankho, nena wekha m'chiganizo chimodzi kuti ndimeyi ikunena za chiyani, ndipo ikuti chiyani za chinthucho. Mutu ndi liwu limodzi kapena awiri, monga njuchi. Mfundo yaikulu ndi chiganizo chathunthu, monga chakuti alimi a zipatso amadalira njuchi kuti mitengo yawo ibereke. Ukatero umayesa yankho lililonse, kuona ngati likukwanira ndime yonse kapena mbali imodzi yokha. Amene munachita note-making ku sekondale mudzazindikira kuti luso mulinalo kale, linangogona. Anandichenjezanso kuti ndisamakhulupirire chiganizo choyamba nthawi zonse. Wolemba wina amayamba ndi zimene anthu ambiri amaganiza, kenaka pakati n'kubwera ndi liwu lakuti however (kutanthauza koma), ndipo mfundo yake yeniyeni ili kuseri kwa kaliwu kameneko.

Tsono nyenyezi imodzi ndachotseranji?

Choyamba, mavidiyo ndi ozizira. Mphunzitsi wake amangowerenga zimene zalembedwa kale pa sikirini, pang'onopang'ono ngati ali pamaliro. Nditaonera atatu ndinawasiya n'kumangochita mafunso. Pa foni ndime imabisika ukamasankha yankho, ndiye umangokwera ndi kutsika ndi chala. Ine ndinkafuna kumawerenga nthawi yopuma kuntchito usiku, koma zinakanika, mpaka ndinkadikira kukafika kunyumba pa kompyuta. Ndinapezanso funso limodzi lomwe kufotokoza kwake kunkagwirizana ndi yankho B koma iwo anachonga C. Ndinawalembera, anayankha patatha sabata kuti aona, osakonza.

Chondidandaulitsa kwambiri n'chakuti mafunso a momwe ungathandizire mwana m'kalasi ndi ochepa. Pa mayeso enieni, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mafunso ndi a mtundu umenewu. Amakupatsa ndime, n'kukuuza kuti mwana wanena kuti mfundo yaikulu ndi yakutiyakuti, kenaka akufunsa kuti para amufunse funso lotani kuti mwanayo aone yekha pamene wasochera. Ine zinandiyendera chifukwa ndinagwirapo choko, ndikudziwa kuti mwana sumupatsa yankho m'manja. Koma munthu amene sanaimepo kutsogolo kwa ana akufunika mafunso ambiri oyeserera kuposa amene ali m'maphunzirowa. Ndime zawo zoyambirira n'zofewanso kwambiri, zingakunamizeni kuti mwapsa. Pitani msanga ku mayeso athunthu oyeserera, mudzitchere nthawi, chifukwa mafunso 90 m'mphindi 150 sakupatsa mpata wowerenga ndime katatu.

Tsiku la mayeso malikisi anga anaoneka pa kompyuta nditangomaliza, ndipo ndinakhoza. Malikisi a ParaPro amayambira 420 kufika 480, koma okhozera amasiyana malinga ndi state kapena dera la sukulu, choncho funsani komwe mukufuna ntchito musanalipire chilichonse. Ku New York ali ndi mayeso awoawo otchedwa ATAS, ndiye musagule za ParaPro mwachimbulimbuli.

Panopa ndili m'kalasi ya giredi 3. Sabata yatha kamtsikana kena kanawerenga ndime ya agulugufe otchedwa monarch amene amauluka kupita ku Mexico nyengo yozizira, n'kundiuza kuti mfundo yaikulu ndi yakuti tisamataye mtima. Ndinaseka chamumtima, ndinakafunsa kuti kandilozere chiganizo chimene chanena zimenezo.

Mukalembetsa, dziwani kuti malipiro amadzibwereza okha mwezi ndi mwezi. Ine anandidula mwezi wachitatu nditalemba kale mayeso, ndipo batani loletsera linabisala pansi penipeni pa tsamba la akaunti. Ndalamayo sanabweze.