Buku la kamtsikana kamanyazi kokhala ndi mphamvu zobisika, nyenyezi 4 pa 5

Ndinagulira mwana wanga wamkazi wa zaka 6 bukuli chifukwa ndi wamanyazi zedi, aticha ake amati yankho amakhala akulidziwa koma mkono ndiye sakweza olo pang'ono.

Ndi la masamba 32 ngati mabuku ambiri a zithunzi a ana, zilembo zake zikuluzikulu, tsamba lililonse ziganizo ziwiri kapena zitatu basi, moti mwana amene wangoyamba kumene kuwerenga atha kumalondola ndi chala. Nkhani yake ndi ya kamtsikana komwe m'kalasi kamakhala kumbuyo zii, koma kakangokhala chete choncho kamamva zomwe ena onse sakumva, kamwana ka mphaka katakodwa kudenga, mnzake akulira chamumtima panthawi ya buleki, mpaka nthambi ya mtengo ikuyamba kuthetheka ana akusewera pansi pake. Wojambula zithunzi ndiye anagwira ntchito, kakachita manyazi amakajambula kotuwa ngati kakufufutika, kakathandiza munthu mitundu imabwerera pang'onopang'ono, wangayu anazitulukira yekha ine ndisanaone n'komwe.

Chomwe chandisangalatsa kwambiri ndi choti kumapeto sanakasandutse kolongolola ayi. Nkhani zambiri zotere mwana wamanyazi amathera pa siteji akuyimba anthu akuwomba m'manja, ngati kuti manyazi ndi matenda ofunika kuchiza, ndipo mwana woti ndi wofatsa chibadwire amangomva kuti pali chinachake cholakwika ndi iyeyo. Umu ayi, kamtsikanako kamathera ndi mnzake mmodzi yekha, kakuyankhulabe motsitsa mawu, koma pomwe panafunika kukuwa kuti anzake athawe pansi pa mtengo paja kanakuwadi, kamodzi kokha, kenako n'kubwerera ku ufatsi wake. Wanga anandifunsa kuti "amayi, ndiye kuti kukhala chete si kulakwa eti?" ndinangoti eya mwanangu.

Koma makolo anzanga pali tsamba limodzi lomwe sindinagwirizane nalo. Pali munthu wamkulu m'nkhanimo amene amakauza kuti za mphamvuzi kasauze aliyense, ngakhale amayi ake. Iii apa ndiye ayi. Ife tili kalikiliki kuphunzitsa ana kuti wamkulu aliyense akanena kuti "usakauze amako" abwere adzatiuze pompopompo, nanga ana ofatsa omwewa si amene anthu oipa amawapezerera podziwa kuti sakanena? Ine powerenga ndimasintha mawuwo, ndimati kanauza amayi ake okha, koma akadzayamba kuwerenga yekha bwinobwino adzaona kuti ndinkamubera, ndiye ndaona kuti bola tingokambirana za kusiyana kwa chinsinsi chabwino ndi choipa. Nyenyezi imodzi yachoka pamenepo.

Kumbuyo analemba kuti ndi la ana a zaka 3 mpaka 8, koma wa zaka 3 sangakhazikike mpaka kumapeto, wamng'ono wanga amangofuna tsamba la mphaka lokha basi. Ndinatenga la kava yofewa, mapepala ake ndi opyapyala ndipo apakati ayamba kale kusomphoka pa guluu moti ndamata ndi selotepi. Ngati muli ndi ana ang'onoang'ono okoka zinthu m'nyumba tengani la kava yolimba.