Miyezi khumi ndikulumikiza foni ndi tabuleti ku TV popanda waya

Papita miyezi khumi chiyambire kulumikiza foni yanga ya Android ndiponso tabuleti ya iPad imene timagwiritsa ntchito tonse m'nyumba ku TV popanda waya, ndipo maganizo amene ndinali nawo mlungu woyamba si amene ndili nawo lero. Poyamba ndinkaona ngati palibe chofunika kuphunzira, chifukwa munthu amangodina kachizindikiro kamodzi pafoni ndipo zimene zili m'manja mwake zimatulukira pasikirini yaikulu. Zimachitikadi choncho, koma kwa miyezi itatu yoyamba ndinkaimba mlandu TV pa mavuto amene sanali ake, chifukwa sindinkadziwa kuti pali njira ziwiri zosiyana kotheratu zimene anthu timangozitchula ndi mawu amodzi akuti kulumikiza.

Njira yoyamba ndi yoonetsa sikirini yonse ya foni pa TV, ngati mmene nkhope imaonekera pagalasi. Mafoni ambiri a Android amachita zimenezi kudzera mu Miracast, luso limene bungwe la Wi-Fi Alliance linakhazikitsa mu 2012, ngakhale kuti dzina lenileni la Miracast silioneka kawirikawiri pafoni. Pa mafoni a Samsung amalemba kuti Smart View, pomwe ena amalemba Screen Mirroring kapena Wireless Display. Foni ndi TV zimalankhulana zokhazokha kudzera mu Wi-Fi Direct, ndiye kuti rauta (kachipangizo kofalitsa Wi-Fi m'nyumba) kapena intaneti sizifunika n'komwe. Komabe ntchito yonse imagwera foni: iyenera kujambula chilichonse chimene chikuchitika pasikirini yake, kuchipanikiza kuti chichepe, n'kuchitumiza ku TV mosalekeza, kambirimbiri pa sekondi iliyonse.

Njira yachiwiri ndi yongotuma TV. Imeneyi inatchuka pamene Google inatulutsa kachipangizo ka Chromecast mu 2013, ndipo masiku ano luso lake, lotchedwa Google Cast, limabwera litaikidwa kale m'ma TV ambiri. Munthu akadina kachizindikiro ka bokosi lokhala ndi timizere tokhota pakona mkati mwa pulogalamu monga YouTube, foni situmiza vidiyoyo ayi. Imangouza TV kumene vidiyoyo ili, ndipo TV imakaitenga yokha pa intaneti. Kuchokera pamenepo foni imasanduka rimoti chabe, moti mukhoza kuizimitsa sikirini, kuyankha munthu amene akukuimbirani, kapena kupita nayo kuchipinda china vidiyo ikupitirirabe. AirPlay ya Apple, imene inayamba kupezeka pa ma TV a makampani monga Samsung, LG ndi Sony mu 2019, imatha kuchita zonse ziwiri, ndipo n'chifukwa chake pa iPad pali batani lina loonetsera sikirini yonse ndi lina mkati mwa vidiyo.

Kusiyana kumeneku ndinakumvetsa madzulo ena pamene tinkaonera mpira ndi alendo. Ndinali nditaonetsa sikirini yonse, monga ndinazolowera, ndipo pofika nthawi yopuma foni inali itatentha moti kuigwira kumbuyo kunali ngati kugwira kapu ya madzi ofunda, batire nalo litatsika kwambiri kuposa mmene limachitira tsiku lonse. Kenako uthenga wa mlongo wanga, wonena za nkhani ya m'banja imene sinali yoti alendo aione, unatulukira pamwamba pa TV ndi zilembo zazikulu zoti aliyense m'chipindamo akanatha kuwerenga. Palibe amene ananenapo kanthu, koma zinandikhudza, chifukwa uthengawo sunali wanga ndekha, unalinso wa iye amene anautumiza pokhulupirira kuti uwerengedwa ndi munthu mmodzi. Kuyambira tsiku limenelo sindionetsa sikirini yonse ndisanayatse Do Not Disturb, imene imaletsa mauthenga kutulukira pasikirini, ndipo ngati pulogalamu ili ndi kachizindikiro kotumira TV, ndimagwiritsa ntchito kameneko nthawi zonse. Kusintha kokhaku kunathetsa kutentha kwa foni, kutha msanga kwa batire, ndiponso kusaoneka bwino kwa chithunzi, popeza TV ikatenga vidiyo yokha imailandira monga inapangidwira, osati itapanikizidwanso kachiwiri ndi foni.

Sikuti kuonetsa sikirini yonse ndinakusiyiratu. Pa zithunzi za banja zimene zili m'foni, pa chikalata chimene ndikufuna kuti tiwerengere limodzi, kapena pophunzitsa mayi anga mmene angapezere chinthu china m'foni mwawo, palibe njira ina yoposa imeneyi. Inandithandizanso mlungu wina pamene intaneti inalibe kwa masiku awiri, chifukwa mavidiyo amene ndinajambula ndekha anaoneka pa TV kudzera mu Miracast popanda vuto.

Vuto limene linanditengera nthawi yaitali linali lakuti nthawi zina foni sinkaiona TV, ngakhale zonse zili zoyaka komanso zili m'chipinda chimodzi. Ndinkazimitsa TV, kuiyatsanso, kufufuta pulogalamu n'kuiikanso, koma zinkatheka tsiku lina n'kukanika tsiku lotsatira. Chimene chinkachitika n'chakuti rauta yathu ili ndi netiweki ziwiri, ya pakhomo ndi ya alendo, ndipo foni yanga, imene inasunga mapasiwedi a zonse ziwiri, nthawi zina inkalowa yokha pa ya alendo. Netiweki ya alendo inapangidwa dala kuti zipangizo zimene zili pamenepo zizingopita pa intaneti koma zisamaonane ndi zipangizo zina za m'nyumba. Tsono Google Cast ndi AirPlay zimadalira kuti foni iitane pa netiweki n'kumva TV ikuyankha, ndipo ngati pali khoma loterolo pakati, kuitanako sikufika. Nditauza foni kuti iiwale netiweki ya alendo, vutolo linatha tsiku lomwelo ndipo silinabwerenso. Pa iPad chifukwa chake chinali china: kuyambira mu 2020 zipangizo za Apple zimafunsa ngati mukulola pulogalamu kuti ione zipangizo zina pa netiweki ya m'nyumba, ndipo wina mwa ana anali atakana funsolo osaliwerenga. Chilolezocho chimabwezeretsedwa mu Settings, pa gawo la Local Network. Ndaonanso kuti magetsi akathima n'kuyakanso, TV imadzuka msanga kuposa rauta, ndiye imafunika kuipatsa mphindi zingapo musanayambe kuikayikira.

Kudukizadukiza kwa chithunzi ndi nkhani ina imene inandiphunzitsa kuti mwini wake wa zonsezi ndi rauta. Wi-Fi ya m'nyumba kawirikawiri imayenda pa mafunde a mitundu iwiri, a 2.4 GHz ndi a 5 GHz. Oyambawo amafika patali ndipo amadutsa makoma bwino, koma ndi odzaza, chifukwa Bluetooth, marauta a nyumba zoyandikana ndiponso uvuni wa microwave zonse zimagwira ntchito cha pomwepo. Ndinazindikira zimenezi mwangozi: nthawi iliyonse wina akayatsa microwave kukhitchini, chithunzi pa TV chinkasweka n'kukhala timabokosi tating'onoting'ono, mawu n'kumamveka modukaduka, kenako zonse n'kubwerera mwakale uvuniwo ukangolira kuti wamaliza. Ndinasamutsira TV ndi foni pa 5 GHz, ndinatulutsa rauta m'kabati mmene inkakhala n'kuiika pamwamba poonekera, ndipo kuyambira pamenepo chithunzi chakhala chokhazikika. Mafunde a 5 GHz safika patali ngati enawo, choncho amene rauta yawo ili kuseri kwa makoma awiri kapena atatu sangapindule mofanana ndi ine. Kwa oterowo ndinganene chinthu chimene ambiri sachiganizira: TV ikhoza kulumikizidwa ku rauta ndi waya wa Ethernet, foni n'kukhalabe pa Wi-Fi, ndipo Google Cast ndi AirPlay zimagwirabe ntchito bwinobwino malinga zonse zili pa netiweki imodzi. Waya amene timafuna kuthawa ndi wa pakati pa dzanja ndi TV, osati wobisika kuseri kwa kabati.

Pali chinthu chimodzi chimene sichikonzeka, ndipo ndibwino kuchidziwa msanga kuti munthu asataye nthawi. Mukaonetsa sikirini yonse uku mukuonera filimu pa mapulogalamu olipira mwezi ndi mwezi, kawirikawiri TV imangoonetsa mdima, nthawi zina mawu okha ndi amene amamveka. Ine ndinkaganiza kuti TV yawonongeka. Koma zimenezi zimachitika mwadala, chifukwa mafilimu oterowo amakhala ndi chitetezo choletsa kukopera, ndipo kujambula sikirini n'kuitumiza kwina kumaoneka ngati kukopera komweko. Yankho lake ndi kutsegula pulogalamuyo pa TV penipeni, kapena kuituma kudzera pa kachizindikiro kake ngati pulogalamuyo imalola kutero. Mapulogalamu ena a pambali amene amalonjeza kuti athetsa mdimawu ndinayesapo awiri, ndipo onse anangodzaza foni ndi zotsatsa malonda popanda kusintha kanthu.

Za masewera a pafoni sindinena zambiri. Pamakhala kuchedwa pang'ono pakati pa chala ndi chithunzi cha pa TV, ndipo ngakhale kuyatsa Game Mode pa TV kumachepetsako, sikukwanira pa masewera ofuna changu. Pa mavidiyo ndi zithunzi kuchedwako sikuoneka, koma pa mpikisano wa magalimoto galimoto imakhala itagunda kale khoma musanaone kuti pali pokhota.

Maonekedwe a chithunzi nawonso amafuna kuzolowera. Sikirini ya TV ndi ya muyezo wa 16:9, mafoni ambiri amakono ndi aatali ndi opyapyala kuposa pamenepo, pomwe iPad yathu ndi yoyandikira 4:3. Zotsatira zake n'zakuti mukaonetsa sikirini yonse pamatsala mizere yakuda, m'mbali kapena pamwamba ndi pansi, ndipo foni ikakhala choimirira chithunzi chimangokhala kachidutswa kopapatiza pakati pa TV yonse. Kuigoneka chammbali kumathandiza, koma mizereyo kawirikawiri imatheratu vidiyo ikatumidwa ku TV mwa njira yachiwiri ija.

Chimene sindinachiyembekezere ndi kuchuluka kwa data. Pafoni vidiyo imaoneka bwino ngakhale itakhala yotsika, koma TV ikamatenga yokha imasankha chithunzi chapamwamba kwambiri chimene intaneti yanu ingakwanitse. Malinga ndi ziwerengero za Netflix, ola limodzi la vidiyo ya HD likhoza kudya mpaka 3 GB, ndipo la 4K mpaka 7 GB. Mwezi wachiwiri data yathu inatha nthawi isanakwane, ndipo nditafufuza ndinapeza kuti TV ndi imene inadya gawo lalikulu. Amene intaneti yawo ili ndi malire ayenera kutsitsa mlingo wa chithunzi m'mapulogalamu amene amaonera kawirikawiri, ndiponso kuzimitsa zoti vidiyo ina iziyamba yokha ina ikatha, chifukwa TV yosiyidwa yoyaka m'chipinda mopanda munthu imapitirizabe kukoka.

Nkhani ya amene ali ndi mphamvu pa TV ndi yofunikanso m'nyumba ya anthu ambiri. Munthu aliyense amene ali pa Wi-Fi yanu akhoza kutuma TV, ndipo mafoni a Android amaonetsa kauthenga kokhala ndi mabatani oimitsira kapena kuzimitsira zimene wina akuonera. Kangapo konse filimu inaima pakati chifukwa mwana amene anali kuchipinda anadina kauthengako pofuna kungokachotsa pafoni yake. Zimenezi zimazimitsidwa, pafoni iliyonse payokha kapena m'makonzedwe a TV, ndipo ndikanakonda ndikanadziwa kale. Pa AirPlay ndinasankha kuti TV izionetsa manambala anayi amene munthu ayenera kulemba pa chipangizo chake asanalumikize koyamba, ndipo ndimaona kuti ndi chitetezo chokwanira pa nyumba wamba. Alendo amene akufuna kutionetsa vidiyo ya pa YouTube sindiwapatsanso pasiwedi ya pakhomo, chifukwa pulogalamu ya YouTube ya pa TV imatha kutulutsa nambala yolumikizira imene imagwira ntchito ngakhale foni ili pa data yakeyake.

Pa miyezi khumi yonseyi TV yalandira mapulogalamu atsopano kangapo, ndipo kamodzi kokha ndi pamene inasowa pa mndandanda wa foni pambuyo pake. Kuizimitsa ndi rimoti sikunathandize, popeza ma TV amakono akazimitsidwa motero amangogona. Ndinaizula kukhoma, kudikira mphindi imodzi n'kuibwezera, ndipo inaonekanso. Chimene chimandidetsa nkhawa pang'ono ndi tsogolo, chifukwa sikirini ya TV imatha kukhala zaka zambiri ili bwino pomwe mapulogalamu a mkati mwake amakalamba msanga ndipo opanga amasiya kuwakonzanso. Ngakhale Chromecast yeniyeniyo Google inalengeza mu 2024 kuti yasiya kuipanga, n'kubweretsa Google TV Streamer m'malo mwake, ngakhale luso la Google Cast likupitirirabe. Ndikuganiza kuti tsiku limene TV yathu idzayambe kutsalira, ndidzangogula kachipangizo konga kameneka kolowetsa pa kabowo ka HDMI ka TV m'malo mogula TV ina.

Vuto limene latsala losathetsedwa n'la kuchedwa kwa mawu. Ndikalumikiza sipika ya Bluetooth ku TV uku ndikuonetsa sikirini yonse, milomo ya munthu wolankhula imatsogola mawu n'kumabwera pambuyo, chifukwa Bluetooth imachedwetsa mawu. Ndayesa kusintha makonzedwe a mawu pa TV ndipo zachepako, koma sizinatheretu. N'chifukwa chake m'dirowa ya pansi pa TV ndimasungamo waya wa USB-C wopita ku HDMI, umene ndimautulutsa ndikafuna kuonetsa chinthu chimene sichiyenera kuchedwa kapena kuduka ngakhale pang'ono. Amene akufuna kugula waya woterewu ayambe aona ngati foni yawo imatulutsa chithunzi kudzera pa USB-C, chifukwa si mafoni onse okhala ndi kabowo kameneka amene amatero. Wanga ndautulutsa kanayi kokha chigulireni.