Ndodo ya nthenga yoseweretsa kamphaka koluma manja

M'masitolo ena akuluakulu a m'tauni, pafupi ndi pamene amayala zakudya za agalu ndi amphaka, mumapezeka chidole chimene anthu ambiri amangochidutsa. Ndi ndodo yopyapyala ya pulasitiki yotalika pafupifupi theka la mita, yokhala ndi chingwe kunsonga, ndipo kuchingweko anamatirira nthenga zopaka utoto pamodzi ndi kabelu kakang'ono. Chimene ndinagula ine chilibe dzina la kampani yodziwika, ndipo zofanana nacho zilipo zambiri. Ndinachigulira kamphaka kamene tinapatsidwa kuti kadzatithandize kuthana ndi makoswe, koma kamene kanayamba ndi kusaka zala za ana ndi akakolo a aliyense wodutsa pakhonde. Maganizo anga ndi akuti chidolechi chimagwiradi ntchito imene anachipangira, ngakhale kuti n'chosalimba ndiponso pachokha sichingathetse vuto lonse la kuluma.

Kamphaka kakamaluma posewera sikuti ndi kolusa. Mphaka ndi nyama yosaka, ndipo masewera ake onse amakhala kuyeserera ulenje: kuwendera, kuthamangitsa, kudumphira, kugwira ndi miyendo yakutsogolo, kuluma, kenako kupalasa ndi miyendo yakumbuyo. Malire a kalumidwe kamaphunzira kwa mayi wake ndi kwa abale ake, chifukwa kakaluma mnzake mopweteka, mnzakeyo amalira n'kusiya masewera. Vuto kwathu kuno ndi lakuti ana amphaka timawagawa kwa anansi akangoyamba kudya okha, pamene madokotala a ziweto amalangiza kuti akhale ndi mayi wawo milungu yosachepera 8, ndipo ena amati 12. Kamphaka kolekanitsidwa msanga kamafika pakhomo kasanamalize phunziro limeneli, choncho kamaliyesera pa dzanja la munthu. Palinso nkhani ya mano. Mano oyamba, omwe alipo 26 ndipo ndi osongoka ngati singano, amayamba kuguluka kamphaka kakafika miyezi 3 kapena 4, ndipo okhalitsa 30 amakhala atamera onse pofika miyezi 6 kapena 7. Nthawi yonseyi nkhama zimanyerenyesa, ndiye kamafuna chinthu choti katafune.

Ubwino waukulu wa ndodoyi ndi wakuti imatalikitsa dzanja ndi mano. Kamphaka kamaona nthenga zikuuluka, kamamva kabelu, ndipo mtima wake wonse umapita kumeneko, dzanja logwira ndodo n'kuliiwala. Komabe zimatengera kayendetsedwe kake. Nthenga zikamalendewera pamphuno pake kamangoziyang'ana kapena kuzipiza pang'ono, chifukwa palibe khoswe kapena mbalame imene imadzibweretsa yokha kwa mphaka. Koma ndikazikoka pansi pang'onopang'ono moti zizikathawa, n'kuziimitsa kuseri kwa mwendo wa mpando, kamagwada mimba n'kufika pansi, maso n'kukula, mbuyo n'kuyamba kugwedezeka, kenako kamalumpha ndi mphamvu zake zonse. Ndi bwino kukalola kuti kagwire nthengazo nthawi ndi nthawi, popeza kosaka kosagwira kanthu kamakhumudwa n'kubwerera ku akakolo. Mphindi 10 kapena 15 m'bandakucha ndi zina chisisira, zomwe ndi nthawi zimene amphaka amakhala otakataka mwachibadwa, zimakwanira, makamaka ngati chakudya chikubwera masewera akangotha. Kathu kakatero kamadya, kudzinyambita, n'kugona.

Chimene paketi ya chidolechi sinena, ndipo ndikadakonda ikadanena, n'chakuti phindu lake limaoneka pokhapokha banja lonse litagwirizana kuti dzanja ndi phazi si zoseweretsa. Ana amakonda kugwedeza zala pansi pa chofunda kapena kukagudubuza chagada n'kumakagwira pamimba, ndipo tsiku limodzi la masewera otere limafafaniza zimene ndodo yaphunzitsa. Kakaluma, dzanja lisathawitsidwe mwachangu, chifukwa chinthu chothawa ndicho chimene kakufuna. Dzanjalo lingokhala chete mpaka kalisiye, munthu n'kudzuka kukasiya kokha kwa kanthawi, monga momwe m'bale wake akadachitira. Kukamenya, kukakhoma pamphuno kapena kukathira madzi kumangokaphunzitsa kuopa anthu, ndipo mphaka wamantha ndiye amene amadzaluma zenizeni akakula. Ndi bwinonso kuphunzitsa ana kuti mchira ukayamba kukwapula pansi ndipo makutu akagonera kumbuyo, masewera afika poti aime.

Kapangidwe ka chidolechi sikandisangalatse. Nthenga anangozimata ndi guluu m'malo mozimanga, moti zinayamba kuthothoka pasanapite nthawi, ndipo utoto wake umasuluka zikanyowa ndi malovu. Kabelu kamakoledwa ndi kawaya kofewa kamene mano a kamphaka akhoza kukakanula, choncho ndinakachotsa kuopa kuti kangamezedwe. Ndodo yake ndi yaifupi kwa mwana wamng'ono, amene mkono wake ndi waufupi kale. Choopsa kwambiri ndi chingwe, ndipo ichi n'chowona pa zidole zonse za mtundu uwu, zodula ndi zotsika mtengo zomwe. Lilime la mphaka lili ndi timinga toloza kummero, moti akayamba kumeza ulusi kapena chingwe zimamuvuta kulavula. Chingwe chomezedwa chikhoza kukola pansi pa lilime kwinaku mbali ina ili m'matumbo, matumbowo n'kukwinyika ngakhale kuchekeka, ndipo nthawi zambiri pamafunika opaleshoni kuti chiwetocho chipulumuke. N'chifukwa chake ndodoyi iyenera kutsekeredwa m'kabati masewera akangotha, ndipo ngati chingwe chaoneka chikutuluka m'kamwa kapena kumbuyo kwa mphaka, chisakokedwe, koma apite naye kwa dokotala wa ziweto.

Ndodoyi imakhutiritsa mbali yothamangitsa ndi kudumphira, koma mbali yokumbatira, kuluma ndi kupalasa imaisiya. Pamenepa chimene chinathandiza kwathu ndi sokosi yakale yaitali yoikamo nsanza mothinana n'kumanga mfundo kukamwa kwake. Kamphaka kakagwira mkono wa munthu, timakapatsa sokosiyo, ndipo kamaikumbatira n'kuipalasa mpaka kutopa. Zidole zina za m'sitolo amaikamo chitsamba chotchedwa catnip, chimene fungo lake limasangalatsa amphaka ambiri, n'kukweza mtengo, koma kwa kamphaka kakang'ono n'kutaya ndalama, chifukwa chitsambachi sichigwira ntchito pa ana amphaka a miyezi yochepa, ndipo alipo amphaka akuluakulu amene sachilabadira moyo wawo wonse.

Palibenso chidole chimene chingalowe m'malo mwa katemera wa chiwewe. Amphaka nawonso amatenga ndi kufalitsa matendawa, ndipo katemera woyamba amaperekedwa kamphaka kakakwanitsa miyezi 3. Alangizi a ziweto a boma amadziwa kumene akupezeka, ndipo ku Lilongwe bungwe loteteza ndi kusamalira nyama la LSPCA limatemeranso ziweto. Mano a kamphaka akaboola khungu, bala litsukidwe ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, ndipo ngati kamphakako sikanatemeredwe kapena sikadziwika kumene kanachokera, wolumidwayo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Mabala a mano a mphaka amaoneka aang'ono pamwamba koma amalowa mkati, ndipo amatupa msanga.

Kwa amene ali pafupi ndi sitolo ndipo mtengo sukuwavuta, ndodoyi ndi yoyenera kugula, bola amange nthenga zake ndi ulusi wolimba asanayambe kuigwiritsa ntchito ndiponso achotse kabelu. Amene ali kutali sakumanidwa kanthu. Kansungwi kotalika mita imodzi, kachingwe kokhuthala kovuta kumeza ndi nthenga za nkhanga kapena za nkhuku zotsukidwa bwino n'kuyanikidwa padzuwa zimapanga ndodo yaitali komanso yolimba kuposa imene ndinagula, ndipo nthenga zikatha n'zosavuta kumangirirapo zina.