Maphunziro a Blender ku Yeoville: pitani, koma osalipira ya "kuika pulogalamu"

Sukulu ya ku Yeoville mu Johannesburg yophunzitsa Blender, pulogalamu yojambulira zinthu za 3D pa kompyuta, ndaipatsa nyenyezi zitatu, ndipo ziwiri mwa izo ndi za mtsikana wothandizira ophunzira, osati za mwini sukuluyo.

Ndimapala mipando ndi makabati ku Turffontein, mu Johannesburg momwemu, ndipo makasitomala a kuno sapereka dipoziti asanaone chithunzi. N'chifukwa chake ndinalembetsa maphunziro a Loweruka a pasukuluyo, n'kulipira mtengo wake. Pamwamba pake bambo mwini sukuluyo anatidulanso ndalama ina yoti atiikire pulogalamu mu laputopu. Abale, Blender ndi yaulere kuyambira 2002, aliyense atha kuitsitsa pa intaneti. Kudyera Amalawi anzako masuku pamutu kuchilendo kuno n'zochititsa manyazi.

Pa nkhani yochulukitsa zinthu, iye anatiphunzitsa kudina mabatani a Shift+D basi. Ndinali ndi oda ya mipando ya malo ena odyera, ndiye ndinajambula umodzi n'kuuchulukitsa mpaka chipinda chonse kudzaza. Mayi mwini malowo atauona anati miyendo yanenepa, ichepe. Apa m'pamene zinavuta, chifukwa Shift+D imapanga chinthu choima pachokha, ukakonza uwu enawo amangokhala momwemo. Laputopu yanga yakalekaleyo nayo inali itayamba kulira ngati chigayo. Nditamufunsa bamboyo anati, "Konzani umodziumodzi, ndiko kuphunzirako," n'kutuluka kukayankha foni.

Mtsikanayo anangofika pambali panga mwakachetechete. "Achimwene, konzani umodzi wokha." Nditatero anasankha mipando yonse, wokonzedwawo pomalizira, n'kudina Ctrl+L, kenako Link Object Data, lamulo lochititsa yonse kutengera maonekedwe a womalizirawo. Yonse inasintha kamodzi! Ndinachita kuimirira. Anandiuza kuti ulendo wina ndizigwiritsa ntchito Alt+D: zotulukazo zimagawana mesh (thupi la chinthucho) imodzi, ukalowa mu Edit Mode (mokonzera maonekedwe a chinthu) n'kusintha chimodzi zonse zimatsatira, komanso fayilo simalemera. Uliwonse utha kuusuntha kapena kuutembenuza pawokha. Ukafuna umodzi usiyane ndi anzake, pali lamulo la Make Single User. Timatabwa ta benchi anati ndisavutike nato, chida chotchedwa Array modifier chimatindandalika pa mpata wofanana, iwe ungolemba chiwerengero.

Kunena chilungamo, bamboyo za magetsi owunikira chithunzi ndi kamera amazidziwa ndithu, ndipo chithunzi chimene mayi aja anavomera ndi iye anandikonzera. Chipindacho n'chaukhondo, intaneti imagwira. Koma Blender muikiretu kwanu, ndipo musanalipire funsani ngati mtsikanayo akadali pomwepo.