MobaXterm: yothandiza pa netiweki ya mu ofesi, yolemera pa intaneti ya foni

MobaXterm ndi pulogalamu ya Windows yopangidwa ndi kampani ya ku France ya Mobatek. Ili ndi SSH (njira yobisika yolowera pa kompyuta ya kutali) ndi X server (pulogalamu yoonetsa mazenera a mapulogalamu a Linux) pamodzi, moti pulogalamu ikamayenda pa seva ya Linux, zenera lake limaonekera pa kompyuta yanu. Kwa amene ali kuseri kwa rauta, ndi yoyenera kukhala nayo.

Kuseri kwa rauta, zenera la pulogalamu ya pa seva ya kunja nthawi zambiri limakana kutseguka chifukwa cha NAT, njira imene rauta imabisira makompyuta a m'kati kuseri kwa adiresi yake imodzi. Gwero la vutoli ndi ili. Mu X11, njira imene X server imalankhulirana ndi mapulogalamu, kompyuta yanu ndiyo imadikirira, pulogalamu ya pa seva ndiyo imakufunani kudzera pa port (khomo la pa netiweki) 6000. Adiresi ngati 192.168.1.20 seva ya kunja siidziwa, imangoona ya rauta. N'chifukwa chake export DISPLAY=192.168.1.20:0, lamulo louza pulogalamu koonetsa zenera lake, imathera pa uthenga wakuti "Can't open display". XDMCP, njira yotsegulira desktop yonse ya seva kudzera mu X11, imagweranso pomwepo: pempho limatuluka bwinobwino pa UDP 177, koma seva ikati ibwerere pa 6000, rauta imakana. Zotsegula port 6000 pa rauta musayerekeze n'komwe, chifukwa X11 siibisa kanthu, ngakhale pasiwedi imene mukulemba.

MobaXterm imalowetsa zonsezi m'kati mwa SSH, ndipo poti SSH imayambira kwa inu, rauta imailola. Dinani Session, sankhani SSH, lembani adiresi ya seva. Pa Advanced SSH settings mupeza X11-Forwarding itachongedwa kale. Ku seva kumafunika mzere wa X11Forwarding yes mu /etc/ssh/sshd_config, komanso xauth, pulogalamu yosunga makiyi a X11, ikhale itaikidwa. Mukalowa lembani echo $DISPLAY. Yankho likhale localhost:10.0 kapena nambala yoposerapo pang'ono. Yesani xclock, kawotchi kakatulukira ndiye kuti njira yatseguka.

Pali mbuna ziwiri zimene zimagwetsa anthu kawirikawiri. Ena anaika kale mzere wa DISPLAY mu .bashrc, ndiye umafufuta uja wa SSH, uchotseni. Ina ndi sudo, lamulo loyendetsera pulogalamu ngati root (woyang'anira wamkulu wa seva): root alibe kiyi imene ili mu .Xauthority yanu, choncho mumalandira "wrong authentication". Lembani sudo XAUTHORITY=$HOME/.Xauthority kutsogolo kwa dzina la pulogalamu.

Ngati seva nayo ili kuseri kwa NAT, MobaXterm payokha siingakupulumutseni. Muyenera kutumiza port 22, ya SSH, pa rauta ya kumeneko, kapena kudzera pa makina ena oonekera pa intaneti pogwiritsa ntchito SSH gateway ya pa Network settings, yomwe anaikonza mosavuta ndithu. Koma yambani mwaona adiresi ya kunja ya rauta ya kumene kuli seva. Ikakhala pakati pa 100.64 ndi 100.127, kampani ya intaneti ili ndi NAT yakeyake, ndipo kutumiza port n'kungotaya nthawi. Apo seva iyambe yokha kutuluka ndi ssh -R 2222:localhost:22 kupita pa makina okhala ndi adiresi yooneka.

Kufooka kwa MobaXterm n'kwa X11 yeniyeniyo. Imafunsa n'kudikira yankho pa kanthu kalikonse, ndiye seva ikakhala kutali, xterm (kazenera kolembamo malamulo) imayenda koma Firefox imakwawa. Compression imachepetsa data, kudikirako siikuchotsa. Chopweteka kwambiri n'chakuti netiweki ikaduka kapena magetsi akazima, pulogalamu ya pa seva imafa pamodzi ndi zimene simunasunge. Pa ntchito yaitali gwiritsani VNC (njira yoonera desktop imene imakhala ikuyendabe pa seva) yodutsa mu SSH pa port 5901, yomwe MobaXterm ilinso nayo. Mukabwerera mupeza zonse pamene munasiyira.

Home Edition ndi yaulere, ndipo ilipo yongoika pa fulashi osaiika pa kompyuta. Imasunga ma session (malumikizano osungidwa) 12 ndi ma tunnel (njira zodutsa mu SSH) awiri okha. Kwa munthu mmodzi n'zokwanira, koma woyang'anira maseva ambiri adzafunika kugula Professional.