Buku la sewero la The Crucible: ndalipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu

Bukuli ndinagulira mwana wanga wamkazi amene akuphunzira ku koleji, koma ndine ndinayamba kuliwerenga, ndipo usiku wachiwiri ndinali nditalimaliza. Ndi kope logwiritsidwa kale ntchito lomwe ndinalipeza pasitolo ina ya mabuku ku Blantyre.

Ndiyambe ndi zimene zachotsetsa nyenyezi imodzi. Zilembo ndi zazing'ono kwambiri, moti ine wa magalasi maso ankawawa. Kopeli lilibenso mawu ofotokozera kumapeto, pomwe Chingerezi cha anthu a m'seweroli ndi chachikale. Ngati mukugulira mwana wa sukulu, funsani kope lokhala ndi manotsi. M'gawo loyamba wolembayo amaimitsa sewero n'kuyamba kufotokoza mbiri ya anthu ake masamba angapo. Pirirani, kutsogoloku nkhani ikuthamanga.

Arthur Miller analemba seweroli n'kulionetsa koyamba mu 1953. Nkhani yake ndi ya milandu ya ufiti ya ku Salem, ku Massachusetts m'dziko la America, mu 1692, komwe anthu 19 ananyongedwa ndipo nkhalamba ina, Giles Corey, anaipanikiza ndi miyala mpaka kufa. Ife amene timamva za agogo akumenyedwa m'midzi powanamizira ufiti, nkhaniyi siitichitira chilendo.

Chimene chinandigwira mtima n'chakuti pafupifupi aliyense m'seweroli akuteteza dzina lake. Abusa Parris mwana wawo ali gone wosadzuka, koma iwo nkhawa ili pa zimene adani awo a mumpingo anene. Woweruza Danforth akukana kuimitsa kunyonga chifukwa anthu 12 afa kale, ndipo kubwerera m'mbuyo kungaonetse kuti khoti linalakwa. Anthu akutha kuti akuluakulu asachite manyazi.

Pamene ndinatseka buku n'kukhala kaye chete ndi m'gawo lachitatu. John Proctor, mlimi amene anachita chigololo ndi wantchito wawo Abigail, wabisa tchimolo nthawi yaitali, ndipo kubisako kwapatsa Abigail mpata wonamizira anthu. Pomaliza akuulula yekha m'khoti, kudzivula ulemu wonse, n'kunenetsa kuti mkazi wake Elizabeth sanama. Amuitanitsa Elizabeth, amuletsa kuyang'ana mwamuna wake, amufunsa ngati mwamunayo anachitadi chigololo. Mayi amene sananamepo akunama kamodzi kokha, pofuna kusunga dzina la mwamuna wake, osadziwa kuti mwini wakeyo walitaya kale. Bodza lachikondi lomwelo likugwetsa umboni wonse wa Proctor. Ndi akazi angati amene akanayankha mosiyana? Ine sindingamuweruze.

M'gawo lomaliza Proctor akuvomera bodza loti ndi mfiti kuti apulumuke, mpaka kusaina, koma atamva kuti chikalatacho chikakhomedwa pachitseko cha tchalitchi, akuching'amba ndipo akupita kukanyongedwa. Apa tinatsutsana ndi mwana wanga. Iye akuti kumeneko ndi kunyada, munthu kusiya ana ndi mkazi woyembekezera chifukwa cha dzina. Ndinamumvetsa, mfundoyo si yachibwana. Koma ine ndikuona kuti dzina limene Proctor akukana kupereka si la Parris lija. Siginecha yakeyo ikanakhala umboni woti Rebecca Nurse, gogo wolemekezeka wa m'deralo, ndi ena okana kunama analidi afiti. Anali atakananso kutchula munthu wina aliyense. Miller mwini wake anachita chimodzimodzi mu 1956, pamene komiti ya nyumba ya malamulo ya America inamufunsa mayina a anthu oganiziridwa kuti ndi achikomyunizimu.

Ogulira ophunzira adziwenso kuti si zonse zili monga zinachitikira. Abigail weniweni anali kamtsikana ka zaka 11 kapena 12, Proctor ali bambo wa zaka pafupifupi 60, ndipo za chibwenzizo anawonjezera ndi wolemba. Bukuli tsopano lili ndi mwini wake kusukulu, ndipo ine ndikufunafuna kope lina la zilembo zazikulu.