Fyuluta yamadzi, fyuluta yomaliza kapena pampu yamagetsi: choyamba n'chiti pa galimoto ya dizilo kuno ku Kasungu?

Amene timayenda misewu ya ku Chulu, Chamama ndi yolowera ku Lifupa tikudziwa kuti mafuta athu sachokera pamalo omwetsera nthawi zonse. Nyengo ya fodya, galimoto zothamangira ku Chinkhoma zimamwa za m'migolo ya pa esiteti. Mafuta akasowa, monga mu 2011 ndi 2012 komanso kangapo kuchokera mu 2022, timagula a m'zigubu. Mgolo wachitsulo wosadzaza umachita mame mkati usiku wozizira wa June ndi July, madziwo amakhazikika pansi, dzimbiri n'kuyamba, ndipo zonsezo zimathera m'thanki yanu. Ndiye wina akakuuzani kuti muwonjezere fyuluta, wina kuti muike pampu, funso loyamba ndi lakuti injini yanu ndi yamtundu wanji.

Injini zakale monga 1HZ ya malita 4.2 ya mu Land Cruiser 70, kapena 5L ya mu Hilux, zili ndi pampu yozungulira yosadalira kompyuta. Zimapirira. Sikuti madzi saziwononga, koma zimadwala pang'onopang'ono ndipo pampu yake imakonzeka. Injini za common rail, zimene mafuta amapanikizidwa mu payipi imodzi yodyetsa ma injekita onse (tizipangizo topopera mafuta m'silinda), monga 2KD ndi 1KD za Toyota zotchedwa D-4D, 1GD yomwe inabwera mu 2015, 4JJ1 ya Isuzu ndi YD25 ya Nissan NP300, ndi nkhani ina. Zimapanikiza mafuta pa mphamvu yoposa ma bar 1,300, zatsopano zimadutsa 2,000, ndipo mipata ya m'ma injekita ndi ya maikironi ochepa chabe, pamene tsitsi la munthu ndi lokhuthala maikironi pafupifupi 70. Dizilo ndi amenenso amafewetsa zitsulo za m'pampu. Madzi akalowa, kufewako kumatha, pampu imayamba kudzidya, tizitsulo take n'kupita ku ma injekita onse anayi.

Njira yoyamba ndi fyuluta yolekanitsa madzi, yoikidwa pakati pa thanki ndi fyuluta yobwera ndi galimoto. Zodziwika ndi Racor, Fuel Manager, ndi PreLine ya Mann. Nthawi zambiri mkati mwake mumaikidwa sefa ya maikironi 30. Imagwira madzi, dzimbiri ndi mchenga, n'kusiyira fyuluta ya fakitale zinyalala zosaoneka ndi maso. Ubwino wake waukulu kwa ine ndi kabakuli koonekera kamene kali pansi pake. Mukathira mafuta a m'chigubu pa Santhe, mukafika pa Kamwendo mutsegule boneti muone: ngati pansi pali madzi, mumasula kampopi, kukhetsa, n'kudziwiratu kuti kwa wogulitsa uja simubwererako. Fyuluta ya Toyota ilinso ndi kachipangizo koyatsa nyali madzi akachuluka, koma nyaliyo ikamayaka ndiye kuti madzi afika kale pa mlonda womaliza.

Njira yachiwiri ndi fyuluta yomaliza ya maikironi 2 mpaka 5, yoikidwa pambuyo pa ya fakitale, pampu isanafike. Oikonda ali ndi mfundo: timchenga timene timawononga ma injekita ndi tating'ono kwambiri, ndipo sefa ya 30 siitiona. Zoona. Koma sefa yothinana chonchi imatseka msanga, ndipo pa D-4D pampu ya Denso imadzikokera yokha mafuta kuchokera kuthanki. Mukaiwonjezera chopinga chimene chikutseka, imakoka movutikira, galimoto imafooka pamtunda, nyali ya injini kuyaka, nthawi zina mpweya n'kuyamba kulowera m'zolumikizira. Kwa munthu amene amathira pamalo odalirika ndipo amasintha sefa pa nthawi yake, njirayi ndi yabwino. Kwa ife a m'migolo, kuika ya 2 popanda yamadzi kutsogolo n'kuyambira kumapeto, chifukwa mdani wathu wamkulu ndi madzi.

Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri ndi kuika sefa ya maikironi 2 kutsogolo kwa fyuluta ya fakitale. Pamenepo ntchito yonse imagwera iyo yokha, ya fakitale imangokhala. Pa Racor 500, zosefa zili ndi mitundu pa chivundikiro: yofiira ndi 30, yabuluu 10, yabulawuni 2. Muziyang'ana musanalipire.

Pali njira ina imene amakaniko athu amaidziwa bwino, CAV 296 ya m'mathirakitala a Massey Ferguson, ya kabakuli kagalasi. Ndi yotchipa, ndipo sefa yake mungaipeze m'mashopu ambiri a zipangizo. Pa 1HZ kapena 5L ndilibe nayo mangawa. Pa common rail sindiilimbikitsa, chifukwa injinizi zimazungulitsa mafuta ambiri kubwerera kuthanki, ndipo CAV ndi yaing'ono pa ntchito imeneyo. Mphira zakenso zikangokhala mopendekeka zimalowetsa mpweya. Kagalasiko musakaike pansi pa chasisi pomwe miyala imalasa, komanso kakhale kutali ndi ekizozi.

Tsopano pampu yamagetsi. Ambiri amaiganizira galimoto ikayamba kuvuta kulira m'mawa. Koma kawirikawiri vutolo ndi mpweya wolowera pa payipi yong'aluka kapena pa kampampu kopopera ndi dzanja ka pamwamba pa fyuluta, mafuta n'kubwerera kuthanki usiku. Pampu imabisa matenda amenewa, siichiza. Pamene imathandizadi ndi ngati mwawonjezera thanki yachiwiri, mapayipi atalika, kapena mwaika mafyuluta awiri pa injini yakale. Ikhale yopanikiza pang'ono, monga za Facet kapena Walbro FRB, za ma psi 4 mpaka 7 (osafika theka la bar), komanso yoti ikafa mafuta azidutsabe. Pampu ya galimoto ya petulo, imene imakankha ma bar atatu, musaiyese n'komwe. Pa pampu yozungulira ya 1HZ, nthawi yothira mafuta m'silinda imayendera mphamvu ya mafuta a mkati mwa pampuyo, choncho kukankha kwambiri kumasokoneza kayendedwe ka injini ndi kuphulitsa masilo. Ilumikizidwe kudzera pa fyuzi ndi rilee, kuti injini ikazima nayonso izime, isamapope mafuta pansi ngozi ikachitika. Ndipo iikidwe pambuyo pa fyuluta yamadzi: ikakhala kutsogolo imatakasa madzi ndi dizilo, fyuluta n'kulephera kuwalekanitsa. Galimoto zina zatsopano zili kale ndi pampu m'thanki, ndiye fufuzani kaye. Ngati yanu idakali pa waranti, funsani okugulitsani musanadule payipi iliyonse.

Chimene palibe mwa zonsezi chingachite ndi kuchotsa parafini kapena petulo amene wasakanizidwa mu dizilo. Zimadutsa sefa iliyonse, n'kukaumitsa pampu. Apa chotchinjiriza ndi mphuno yanu ndi kusankha kogula. Mukakakamizika kuthira za m'mgolo, usiyeni ukhazikike usiku wonse, payipi isafike pansi penipeni.

Ine ndalama zikakwana chinthu chimodzi, pa common rail ndigula fyuluta yamadzi ya maikironi 30, yokwanira kuchuluka kwa mafuta a injiniyo, n'kupitiriza kuika sefa yeniyeni ya fakitale, osati zachinyengo zopepuka zija zimene zadzaza pamsika. Ndisankhanso mtundu umene sefa yake ndingaipeze ku Lilongwe mosadikira oda, ndi kuyenda ndi ina yapadera kuseri kwa mpando, pamodzi ndi sipanala yake. Yomaliza ya maikironi 2 kapena 5 ibwere pambuyo ngati malo alipo mu boneti. Pampu yamagetsi ndiiganizira pokhapokha makaniko ataika payipi yoonekera ndi kutsimikiza kuti mpweya sukulowa paliponse koma mafuta akufikabe mochepa.